Kodi ofesi ya kalaliki wa khoti la apilo imagwira ntchito yanji kwenikweni?

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Bambo anga aang'ono anagonja pa mlandu wa ngongole ndipo achita apilo. Loya alibe, ndiye mapepala ndikuyendetsa ndine. Ku ofesi ya kalaliki wa khoti la apilo akuti tsiku lomvera mlandu sangatipatse chifukwa rekodi sinafike kuchokera ku khoti loyamba. Nditafunsa ngati zifukwa zomwe talemba zili zamphamvu, anangoti zimenezo iwo sanganene. Ndiye alipo kuti azitani? Akutizemba kapena ndi mmene zimakhalira? Mbali inayo yayambanso kulonjerera ndalama zake, pomwe ife timayesa apilo imaimitsa zonse.

Yankho 1
Achimwene, sakukuzembani. Ofesi imeneyo siweruza ndipo si loya wa munthu aliyense. Atakuuzani kuti mfundo iyi chotsani, iyi onjezani, ndiye kuti athandiza mbali imodzi, ndipo mbali inayo ikhoza kudandaula. Zomwe angakuuzeni ndi za kayendetsedwe: fomu yoyenera, makope angati, malipiro ake, tsiku lomaliza kupereka chakuti. Ntchito yawo ndi kulandira zikalata, kudinda chidindo cha tsiku, kupereka nambala ya mlandu, kusunga fayilo, kulemba mndandanda wa milandu yoti imvedwe, ndi kudziwitsa mbali zonse za tsiku kapena chigamulo. M'mayiko ena mkulu wa ofesiyi amatchedwa rejistrala.

Yankho 2
Ndionjezereko pa rekodi, chifukwa ambiri amakakamira pomwepa. Khoti la apilo silimayambanso mlandu. Kawirikawiri mboni sizibweranso. Majaji amawerenga zomwe zinachitika ku khoti loyamba, monga zikalata zoyambitsira mlandu, zonena mboni, zinthu zomwe zinaperekedwa ngati umboni ndi chigamulo chenichenicho, n'kuona ngati woweruza analakwitsa. Popanda rekodi alibe choti awerenge, n'chifukwa chake tsiku silingaikidwe. Nthawi zambiri rekodiyo imakonzedwa ku khoti lomwe linagamula lija, ndipo chomwe chimachedwetsa ndi kutayipa zonena mboni. Ndiye pitani kumeneko mukafunse kuti yafika pati, komanso ngati pali ndalama kapena chikalata chomwe akudikira kwa inu. Ena amakhala duu kuyembekeza, osadziwa kuti fayilo ikudikira iwowo. Ikatuluka muiwerenge tsamba ndi tsamba. Chikalata chomwe mukudalira chikasowamo, nenani msanga, chifukwa chomwe mulibe mu rekodi jaji sachiona.

Yankho 3
Makhoti onse ndi choncho, fayilo imayenda ukakhala ndi wodziwana naye.

Yankho 4
Mawu ngati amenewa musawatsate, mungadziike m'mavuto ena. Lembani kalata yofunsa za rekodi, muike nambala ya mlandu, ndipo kope lanu alidinde. Chilichonse mwapereka muzisunga kope lodindidwa ndi lisiti. Za pakamwa zimakanidwa.

Wofunsa
Zikomo nonse. Nanga za ndalama zija? Kalalikiyo sangawaletse?

Yankho 2
Sangathe. Kuchita apilo pakokha nthawi zambiri sikuimitsa chigamulo. Pamafunika pempho lapadera loti chigamulo chiyambe chaima mpaka apilo itamvedwa, ndipo wovomereza kapena kukana ndi jaji. Ofesi ya kalaliki imangolandira pempholo n'kulifikitsa. Apa pokha yesetsani kupeza loya, ngakhale wa mabungwe othandiza osowa, chifukwa katundu akalandidwa n'kugulitsidwa, kupambana apilo pambuyo pake sikumabweza zonse.

Yankho 5
Palibe wafunsa za masiku. Chidziwitso cha apilo munapereka liti, ndipo munapereka kuti? Ku Malawi, pa milandu yosakhala yaupandu yochokera ku High Court kupita ku Supreme Court of Appeal, lamulo limapereka masabata 6, koma masiku 14 okha ngati chinali chigamulo cha mkati mwa mlandu, ndipo chidziwitsocho chimapita kwa rejistrala wa High Court. M'makhoti a boma lalikulu la America ndi masiku 30 pa milandu yotere, ndipo nakonso chimaperekedwa ku khoti lomwe linagamula. Kulikonse muli, onani tsiku lili pa chidindo chanu. Ngati linapitirira, kalaliki sangakuonjezereni masiku mwa chifundo, muyenera kupempha khoti n'kufotokoza chomwe chinakuchedwetsani.

Wofunsa
Chidindo chili mkati mwa nthawi, ndaona. Pempho loimitsa chigamulolo limapita ku khoti loyamba kapena la apilo?

Yankho 2
Kawirikawiri mumayamba ku khoti lomwe linagamula. Akakana m'pamene mumapita ku la apilo. Funso limeneli ndi la kayendetsedwe, ku ofesi kuja akuyankhani.