C3 sakukwera patatha miyezi itatu: tidikirebe kapena timutumize mwanayu?

CO (clinical officer) wa kuboma: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mnyamata wa zaka 9 yemwe anabwera atatupa nkhope ndi miyendo, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka, BP yokwera, miyendo ili zipsera za mphere zokhazokha. Tinati ndi impso zotupa chifukwa cha mabakiteriya a strep, tinamupatsa furosemide ndi penicillin, mchere tinaletsa. Kutupa kunatha, BP inatsika. Bambo ake analipira ku labu yapulayiveti kuti ayeze C3 (puloteni wa m'magazi wa gulu la complement, lothandiza chitetezo cha thupi), inali pansi kwambiri koma inzake C4 ili bwinobwino. Tabwereza patatha miyezi itatu, C3 ikadali pomwepo, dipstick ikuonetsa magazi ndi mapuloteni 2+. Mwana akumenya mpira, makolo akuti wachira. Ndidikirebe?

Wa labu: Achimwene, magaziwo anayenda bwanji? Complement safuna kugona mu chubu. Seramu ipatulidwe msanga, isungidwe pozizira, ndipo mubwereze ku labu yomweyo. Chubu choyenda pa minibasi tsiku lonse mwezi wa October ine sindichikhulupirira.

CO wa kuboma: Anakatengera komweko ku labu, maulendo onse awiri.

Adokotala a ana: Ndiye zotsatirazo tizikhulupirire. Magazi osaoneka ndi maso mu mkodzo asakudetseni nkhawa, amatha kukhala chaka kapena kupitirira. Koma C3 pa matenda a strep imabwerera m'malo mwake pakatha masabata 6 mpaka 8. Ikafika masabata 12 isanakwere, mapuloteni akutulukabe, pali china chikudya C3 ameneyo.

Funso lanuli ndi lomwe anali nalo Clark West ku Cincinnati mu 1965, ataona ana odwala impso omwe complement wawo sankakwera ngakhale papite miyezi. Mu 1969 Spitzer ndi anzake komweko anasakaniza seramu ya wodwala ndi ya munthu wabwinobwino, C3 wa wabwinobwinoyo n'kuphwanyika. Chinthu chophwanyacho anachitcha C3 nephritic factor (C3NeF) asanadziwe n'komwe kuti n'chiyani. M'zaka za m'ma 1970 ndi pomwe zinadziwika kuti ndi antibody ya IgG, thupi likudzilasa lokha. Mu 1976 Daha, Fearon ndi Austen anaonetsa kuti chimamatirira ku C3 convertase ya alternative pathway, ija ya C3bBb, enzyme yodula C3. Enzyme imeneyi imayenera kusweka patangopita mphindi zochepa, ndipo puloteni wina, factor H, amaifulumizitsa kusweka. Antibody ikaigwira, siswekanso, imangodula C3 usana ndi usiku, zidutswa zake n'kumakaunjikana mu glomerulus, tizisefa ta mu impso. C4 ndi wa njira ina, n'chifukwa chake wanuyo ali bwino.

Namwino wamkulu: Adokotala, ndiye tikatumiza magazi ku South Africa akapeze C3NeF, nkhani yatha?

Registrar wa impso: Ayi mayi, pamenepo ndi pomwe ambiri amatayira ndalama za makolo. C3NeF imapezeka mwa odwala ambiri a dense deposit disease, matenda a impso amene Berger ndi Galle anawalongosola ku Paris kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma imathanso kuoneka kwakanthawi mwa mwana wa strep wamba. Ndiponso malabu amaiyeza mosiyanasiyana, wina apeza wina osapeza. Mu 2020 Chauvet ndi anzake ku France anapeza antibody yolimbana ndi factor B, mbali ina ya C3 convertase ija, mwa ana 31 pa ana 34 odwala impso pambuyo pa matenda opatsirana, ndipo inkazimiririka ana akamachira. Choncho ngakhale strep yathu ya mphereyi imadzera mwa ma antibody omwewa, kusiyana kwake n'kwakuti iyo imazima yokha. Chosiyanitsa ndi nthawi ndi biopsy, kutenga kachidutswa ka impso kukayeza. Kuyambira pomwe akatswiri anagwirizana mu 2013, dzina lakuti C3 glomerulopathy, matenda amene tikuwakayikira apa, limaperekedwa pa immunofluorescence (kuyeza kachidutswako ndi utoto wowala), C3 akawala kuposa ma immunoglobulin onse ndi masitepe awiri. Biopsy yongoyang'ana pa maikulosikopu wamba siyankha funsoli, ndiye mufunsiretu ngati komwe kachidutswako kakupita amachita immunofluorescence.

Adokotala a ana: Ndikugwirizana nazo. Ndiwonjezere zosafuna ndalama. Muyang'anitsitseni nkhope mwanayo, ndipo apempheni amayi ake chithunzi chakale. Masaya olowa, mapewa ndi manja zopanda mafuta pomwe miyendo ili yonenepa bwino, ndi partial lipodystrophy, ndipo Sissons anaonetsa mu 1976 kuti imayendera limodzi ndi C3NeF. Kwathu kuno timafulumira kulemba kuti ndi kunyentchera n'kupereka chiponde.

Wa labu: Ndipo zathu zanthawi zonse musadumphe: HIV, hepatitis B, malungo, mazira a likodzo. Full blood count ndi film yomwe.

Registrar wa impso: Film imeneyo ndi yofunika. Mukaona magazi ochepa, ma platelet otsika ndi maselo ofiira oduka-duka, imeneyo ndi nkhani ina, HUS (haemolytic uraemic syndrome, matenda owononga maselo a magazi ndi impso), ndipo musadikire kiliniki. Antibody yolimbana ndi factor H pa matenda amenewa inalongosoledwa ndi Dragon-Durey mu 2005, ndipo ku India imapezeka mwa ana pafupifupi theka la odwala atypical HUS. Plasma exchange ndi mankhwala ochepetsa chitetezo zimathandiza zikayamba msanga. Akanakhala mtsikana wachisodzera C3 ndi C4 zonse zili pansi, tikanaganiza lupus, ANA ndi anti-dsDNA kaye, anti-C1q pambuyo.

CO wa kuboma: Hb 11, ma platelet ali bwino, creatinine ilinso bwino. Ndiyambe prednisolone podikira?

Registrar wa impso: Musayambe. Impso zikugwira ntchito, palibe chotithamangitsa, ndipo steroid wopanda biopsy angotisokoneza. Mankhwala atsopano ngati iptacopan, amene anavomerezedwa ku America mu 2025 pa C3 glomerulopathy ya akuluakulu, amatsekereza factor B, koma mtengo wake si wathu. Zomwe tingathe ndi enalapril chifukwa cha mapuloteniwo, muyeze potaziyamu ndi creatinine pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, BP ndi dipstick mwezi uliwonse. Lembani kalata yopita ku kiliniki ya impso ya ana ku chipatala chachikulu, muikemo masiku enieni a C3 onse awiri ndi urine protein creatinine ratio ngati ingapezeke.

Namwino wamkulu: Makolowo ndilankhula nawo ine. Mukangowauza kuti mwana ali bwino koma apite ku Central, sapita. Mphere ya abale ake kunyumba tiithane nayonso.

CO wa kuboma: Zikomo kwambiri akuluakulu. Abwera Lachinayi, ndiwaimbira amayi ake abweretse chithunzicho.