Kwa apongozi ku Harare: pachipata amafuna chiyani?

Nachisale:
Amuna anga ndi a ku Zimbabwe ndipo anatsogola kale. Ine ndiwatsatira mu Disembala pa basi yodzera ku Tete, ndili ndi mwana wa zaka 3. Kwawoko sindinapondeko. Kodi setifiketi ya ukwati imathandiza kalikonse? Nanga viza?

Mai a Tadala:
Viza ayi, ife Amalawi sitifunika kukhala nayo, ku Mozambique ngakhale ku Zimbabwe. Koma ukwati sukupatsani ufulu wokhala, mulowa ngati mlendo basi. Muwerenge masiku omwe akulemberani pachidindo musanachoke pawindo.

Achimwene a ku Ndirande:
Zipata ndi zinayi achemwali: Mwanza kuno ku Malawi, Zóbuè ndi Cuchamano ku Mozambique, kenako Nyamapanda ku Zimbabwe. Paliponse chidindo, ndiye pasipoti ikhale ndi masamba opanda kanthu, komanso itsale ndi miyezi 6 isanathe.

Mai a Tadala:
Ndinaiwala za mwana. Akhale ndi pasipoti yakeyake, setifiketi yakubadwa, ndi kalata ya bambo ake yovomereza ulendo. Ine wanga dzina la bambo ake ndi losiyana ndi la mupasipoti mwanga, anandifunsa mafunso mpaka kondakitala kuyamba kung'ung'udza. Inandiombola ndi setifiketi ya ukwati yomweyo, ndinaipinda m'chikwama cha matewera.

Nachisale:
Zikomo. Adiresi ya apongozi ndailemba kale papepala.