Kodi "ol" wa kumapeto kwa mayina a mankhwala akutanthauza mowa?

Wa ku Mangochi, Mayfair:
Ndimagwira ntchito yoyeretsa m'maofesi kuno ku Johannesburg, ndipo pa mabotolo amene timapukutira matebulo ndimawerengapo mayina monga ethanol ndi isopropanol. Pa bokosi la Panado palembedwa paracetamol, pomwe mapiritsi a BP amene ndimatumizira amayi kumudzi ndi atenolol. Kodi zilembo ziwiri zomalizazi zikutanthauza kuti m'zonsezi muli mowa? Amayi ndi Msilamu wopemphera, ndipo sindingafune kuwamwetsa chinthu choletsedwa iwo osadziwa.

Mphunzitsi wa sayansi, Turffontein:
Achemwali, mtima ukhale m'malo. Zilembozi zinachokeradi ku mawu akuti alcohol, koma kwa akatswiri a sayansi dzinalo ndi la banja lalikulu la zinthu, osati chakumwa choledzeretsa chokha. Malinga ndi malamulo a IUPAC, bungwe la dziko lonse loona za katchulidwe ka mayina a makemikolo, lomwe linakhazikitsidwa mu 1919, dzina limatha ndi "ol" ngati chinthucho chili ndi atomu ya oxygen yogwirana ndi ya hydrogen, zonse zitamangirira pa carbon. Mbali yoyamba ya dzina ndiyo imatiuza kuchuluka kwa carbon: methanol ali ndi imodzi, ethanol ali ndi ziwiri, propanol ali ndi zitatu. M'banja lomweli muli menthol wa m'mafuta opaka pachifuwa, glycerol wa m'mafuta odzola, ngakhalenso cholesterol amene thupi lathu limapanga lokha. Amene amapezeka mu kachasu, mu chibuku ndi mu vinyo ndi ethanol, yemwenso fakitale ya ku Dwangwa imapanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe n'kumasakaniza ndi petulo. Paracetamol ndi atenolol saledzeretsa munthu.

Namwino, Hillbrow:
Ndiwonjezere pa zimene aphunzitsi anena. Mayina otha ndi "olol", monga atenolol ndi propranolol, amasonyeza gulu la mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa, choncho amayi apitirize kumwa monga adokotala anawauzira. Mankhwala amene nthawi zina mumakhaladi ethanol ndi amadzi, makamaka ena a chifuwa, ndipo zimenezo zimalembedwa pa botolo, kotero mukhoza kupempha ku famase kuti akupatseni opanda mowa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ineyo ndi methanol, chifukwa dzina lake limasiyana ndi ethanol pa chilembo chimodzi chokha, maonekedwe ndi fungo n'zofanana, koma akalowa m'thupi chiwindi chimamusandutsa asidi amene amawononga mtsempha wa maso. Munthu amadzuka mawa lake akuona ngati kunja kuli chifunga, kenako khungu, ndipo ena amamwalira. Mowa utaletsedwa kuno mu 2020 chifukwa cha Covid-19, anthu ena anatembenukira ku zakumwa zosadziwika kochokera, ndipo mpaka lero ndimachenjeza abale athu za mowa wotchipa wa m'zigubu zopanda chizindikiro, poti ukhoza kukhala ndi methanol.

Wokonza makompyuta, Randburg:
Si dzina lililonse lotha motero limene lili m'banja limeneli. Petrol anachokera ku petroleum, mawu amene mbali yake yomaliza ndi oleum, kutanthauza mafuta m'Chilatini, ndipo m'mabuku akale a zamankhwala "ol." wokhala ndi kadontho anali chidule cha oleum yemweyo. Dzina la kampani ya Sasol, yomwe inayamba mu 1950, linafupikitsidwa kuchokera ku mawu a Chiafrikaans onena za malasha ndi mafuta. Ife olemba masamba a pa intaneti timalemba "ol" mu HTML, chilankhulo cholembera masambawo, tikafuna mndandanda wokhala ndi manambala.