Kodi OLED ikuyenera mtengo wake kuno ku Mulanje?

Mayi a ku Chitakale: Abale anga, ndikufuna kugula wailesi ya kanema ya mainchesi 55, ndipo wogulitsa wina ku Limbe akundikakamiza kutenga OLED m'malo mwa LED, ngakhale kuti mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Kodi kusiyana kwake n'kokwanira ndalama zimenezo?

Bambo okonza mawailesi ku Luchenza: Mayi, LED imakhala ndi nyali kuseri kwa galasi zomwe zimawalitsa chithunzi chonse, pamene mu OLED kadontho kalikonse kamadziwalira kokha ndipo kamazimiratu pamalo pakuda. N'chifukwa chake chithunzi chake chimakongola zedi usiku. Komatu chizindikiro cha siteshoni chikamakhala pakona imodzi maola ambiri tsiku ndi tsiku, chingathe kusiya chipsera chosafufutika, ndipo mankhwala ake ndi kusintha galasi lonse. Nyali za LED zikapsa, timazisintha pa benchi pompano.

Aphunzitsi a ku Bvumbwe: Ine sindingainyoze OLED, pakuti amene anaonerapo mpira pa iyo amadziwa kukoma kwake, ndipo ngakhale wokhala pambali penipeni amaona mitundu yosasuluka. Komabe ngati pabalaza panu pamalowa dzuwa, ganizirani QLED, yomwe kwenikweni ndi LED yowonjezeredwa kuwala ndi mitundu.

Mayi a ku Chitakale: Aphunzitsi, kwathu timaonera nkhani ndi mapemphero pa dekoda ya Kiliye Kiliye, ndipo ana amayatsa akangoweruka kusukulu mpaka usiku.

Bambo okonza mawailesi ku Luchenza: Ndiye OLED mungoitayira ndalama, Mayi, chifukwa dekoda imeneyo situlutsa chithunzi chooneka bwino kwambiri chotchedwa 4K, ndipo kaoneredwe kotere ndi komwe kamabweretsa chipsera chija. Chomwe chimapha mawailesi ambiri kuno ndi mphenzi za m'dzinja, magetsi obwera mwamphamvu akangoyaka, komanso chinyezi cha chiperoni chomwe chimadyetsa dzimbiri mawaya a m'kati. Gulani TV guard, kachipangizo koteteza wailesi magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo wailesiyo musaigundike pakhoma lonyowa.

Achemwali a ku Limbuli: Ndionjezereko za wailesi za kanema zakale za mtundu wa plasma zochokera ku Joni zomwe zimagulitsidwa motchipa. Makampani akuluakulu anasiya kuzipanga cha m'ma 2014, zimatentha, ndipo kwa ife a sola zimamaliza batire msanga.

Mayi a ku Chitakale: Zikomo kwambiri nonse. Nditenga LED yokhala ndi chikalata cha galanti, ndipo ndalama zotsalazo zipita ku TV guard ndi batire. Bambo a ku Luchenza, kodi mainchesi 43 sangakwanire pabalaza laling'ono?