Furler (chokulungira thanga) ya jib (thanga lakutsogolo) pa boti laling'ono, ndigule yotani?

Chembe22: Akuluakulu thandizeni. Ndili ndi kaboti ka mafiti 22 ku Cape Maclear, mwera ukayamba ndimavutika kukwawira kutsogolo kukatsitsa jib mafunde akundimenya. Ndikufuna furler koma ndasokonezeka, ya pulasitiki kapena ya aluminiyamu?

MkuluWaNyanja: Achimwene funso loyamba, mlongoti mumautsitsa pafupipafupi? Ngati boti mumalikoka pa trela tengani furler ya kampani ya CDI, foil yake (kapaipi kovala waya wakutsogolo wogwira mlongoti, pomwe thanga limakulungidwa) ndi ya pulasitiki imapindika osathyoka, komanso ili ndi halyard (chingwe chokwezera thanga) yakeyake. Za aluminiyamu ngati Furlex kapena Harken zimakulunga bwino thanga mukafuna kulichepetsa mphepo ikakula, koma zikapindika basi ndalama zapita.

Nankumba: Zoona zimenezo. Koma musanaode ku Cape Town yezani kaye waya wakutsogolo uja, kutalika ndi kunenepa kwake, mukalakwitsa apo sikwana. Thanga lanunso lifunika kusokedwanso, achotse tingowe aike luff tape (kansalu ka m'mphepete mwa thanga kolowa mu foil), ndi nsalu yoteteza dzuwa m'mphepete chifukwa dzuwa la kunyanjaku limadya thanga lokulungidwa mwachangu kwambiri.

Chembe22: Zikomo kwambiri, mlongoti ndimatsitsa nthawi ya dzinja yokha. Nanga telala wamba angathe kusoka zimenezi?