Masiku 5, ana atatu ndi apongozi: tingakwanitse Kulamba, Mfuwe ndi nyanja?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse akum'mawa. Ndithandizeniko nzeru, mutu wandiima. Ine ndi amuna anga tapatsidwa tchuthi nthawi imodzi kumapeto kwa Ogasiti, koyamba chikwatiranireni, ndipo ana adzakhala atatsekera sukulu. Masiku ndi 5 okha, Lachisanu mpaka Lachiwiri. Timakhala konkuno ku Chipata, motoka ndi Noah yakale koma siinatigoneke panjira. Ana ndi atatu, wa zaka 14, wa 9 ndi wamng'ono wa zaka 3. Apongozi, amake a amuna anga, nawonso tili nawo.

Vuto aliyense akukokera kwake. Abambo akuti Loweruka ndi Kulamba, mwambo wa Achewa, ku Mkaika ku Katete, zimenezo sakambirana ndi munthu. Ana akufuna njovu ku Mfuwe. Ine ndimafuna ndikaone ija hotela yonga nyumba ya mafumu a ku Ulaya ku Lundazi, kenako ndikagule zitenje ku Lilongwe. Apongozi sananene zambiri, anangoti, "Ine ndimangomva kuti ku Malawi kuli madzi osaoneka tsidya lake." Basi, nkupitiriza kusenda nshawa zawo. Mawondo awo amavuta, sakhala nthawi yaitali m'motoka. Tiyambire kuti, tisiye chiyani?

Dalaivala wa msewu wa Lusaka:
Amai, Lundazi chotsani lero lomwe. Ndi makilomita pafupifupi 180 kupita kokha, ndipo hotelayo mudzaizungulira ola limodzi nkujambula zithunzi, kwatha. Yakhala pamenepo kuyambira cha m'ma 1950, siithawa. Taonaninso mmene malo anuwa akhalira: Katete ili msewu wa ku Lusaka, Mfuwe ili msewu wake wotsikira kuchigwa, Malawi ili ku Mwami. Misewu yonseyi imakumana m'Chipata. Ndiye kuti paliponse mukapita mudzadutsa pageti panu pobwerera. Gonani panyumba pamene mungathe, ndalama ya malo ogona mugulire mafuta.

Mwana wa kwa Kawaza:
Kulamba ndi ya tsiku limodzi kwa inu a ku Chipata, musavutike kufuna pogona ku Katete, malo amadzaza kalekale. Nyamukani kusanache. Mukafika dzuwa litakwera motoka mudzaisiya kutali, agogowo ayenda pansi m'fumbi. Atengereni kampando kopinda, ambulera ndi madzi ambiri. Mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, aliyense ndi gule wake ndi anamwali ake, ndiye mwambo umatalika ndithu. Wa zaka 14 uja amvetsere bwino, Gule Wamkulu ameneyu a UNESCO anamuzindikira mu 2005, zimafunsidwa kusukulu. Koma wa zaka 3 mumubereke kumbuyo. Wanga ataona makanja atatalika ngati mtengo wa magetsi analira mpaka pa Mtenguleni.

Membala wobisa dzina:
Kampando sindinakaganizire, zikomo. Za Lundazi zandiwawa koma ndamva.

Amake mapasa ku Mambwe:
Ine ndimakhala kufupi ndi Mfuwe. Msewu ndi wa tara, maola awiri ndi pang'ono mwafika. Koma kubwera masana nkubwerera madzulo ndi kutaya ndalama, chifukwa dzuwa likatentha nyama zimabisala. Zimaoneka m'mawa cha m'ma 6 ndi madzulo kuyambira 4 koloko, ndiye mugone usiku umodzi kuti mupeze maulendo onse awiri. Ogasiti ndi mwezi wabwino, madzi m'madambo amakhala akuuma, nyama zonse zimatsikira ku Luangwa, komanso kutentha kwa Okutobala kumakhala kusanafike. Mvuu ndi ng'ona mudzayamba kuziona pamlatho wolowera m'paki ya South Luangwa pomwepo. Nyamalikiti za kuno, za Thornicroft, kulibenso kwina padziko kumene zimapezeka. Nyalugwe amaoneka kwambiri paulendo wa usiku, koma funsirani pafoni ngati amalola mwana wamng'ono chonchi, malo ena amakana. Ulendo wapansi iwalani, ana osakwana zaka 12 salandiridwa.

Tengani ma NRC, ziphaso zathu za unzika, nzika zimalipira pang'ono pageti. Musavale zakuda kapena zabuluu, akashembe amazikonda. Ndipo chonde zipatso musagone nazo m'tenti, njovu zimalowa m'makampu usiku ngati kwawo.

Wamalonda wa pa Mwami:
Za Malawi ndinene ine. Boda ili pafupi, makilomita 20 ndi kanthu kuchokera m'tauni, ndipo kuyambira Disembala 2022 zonse zimachitikira pamalo amodzi. Chimene chimachedwetsa ndi mapepala a motoka: white book ya umwini wa motoka, kalata ya Interpol ndi inshuwalansi ya COMESA ija ya yellow card. Ngati motoka ili m'dzina la munthu wina, kalata yake ikhalepo. Kuchoka pa Mchinji kufika Lilongwe ndi maola ngati awiri, Lilongwe kufika Salima ndi Senga Bay enanso awiri. Thirani thanki yodzaza ku Chipata, kumeneko mafuta nthawi zina amasowa mpaka anthu kugona pamzere. Posintha ndalama, werengani kawiri musanapereke zanu.

Mnyamata wa ku Kapata:
Koma inu mukufuna kupha agogo ndi misewu? Siyani Malawi, pitani Mfuwe masiku atatu mupumule. Luangwa nawonso ndi madzi.

Agogo aakazi a ku Chadiza:
Iwe mwana, Luangwa wa Ogasiti ndi mchenga ndi mvuu, tsidya umaliona bwinobwino. Mwana wanga wofunsawe, munthu wamkulu akanena chinthu kamodzi nkukhala chete, ndiye kuti wachisunga zaka zambiri. Ana njovu adzaziona ndi sukulu. Ine ndinafika ku Senga Bay ndili ndi zaka 66, ndinavula nsapato ndi kulowetsa mapazi, ndinakhala pamenepo mpaka adzukulu anachita kundinyamula. Muwagulire chambo chowotcha adyere m'mbali mwa madzi. Juzi atenge, mwezi umenewo mwera umaomba, mafunde amachita phokoso usiku wonse. Ana asasambe pamene pali bango ndi madzi odekha, pamenepo mpa likodzo.

Dalaivala wa msewu wa Lusaka:
Agogo anena zoona. Ndiye chitani chonchi: Lachisanu musayende, konzani motoka. Loweruka Mkaika. Lamlungu m'mamawa Mwami, nkhomaliro ku Lilongwe, kugona kunyanja masiku awiri. Lachiwiri pobwerera mugule zitenje zanu zija. Mfuwe ndi pafupi, Loweruka lililonse mungapite.

Amake mapasa ku Mambwe:
Kapena Lachisanulo mulisinthe kuntchito likhale Lachitatu, Mfuwe ilowe kumapeto. Koma agogo atsale kunyumba, motoka za m'paki ndi zazitali kukwera ndipo zimagwedeza.

Membala wobisa dzina:
Ndawerengera abambo zonse, avomera kuti nyanja ndiyo iyambe, Mfuwe tidzapite mu Seputembala. Wa zaka 9 wakwiya, wakana nsima. Koma pabuka china. Ndatsegula chikwama cha mapepala, wamng'ono uja alibe pasipoti, apongozi ali ndi NRC yokha. Border pass ingatifikitse ku Salima?

Wamalonda wa pa Mwami:
Imeneyo musaidalire ulendo wautali chonchi, mungabwezedwe pa rodibuloko agogo atanunkhiza kale usipa. Mawa m'mawa pitani ku ofesi ya mapasipoti ndi NRC yawo, satifiketi ya kubadwa ya mwana ndi zithunzi, mukafunse chimene chingatuluke msanga. Abambo apite nawo, angafunike kusaina.

Membala wobisa dzina:
Ndipita 8 koloko. Apongozi sindinawauze kanthu, koma ndawapeza akuchapa chitenje chawo cha kutchalitchi.