Lenzi yachita nkhungu ku Porto, mawa ndili ndi makasitomala

Tadala: Akuluakulu, thandizeni. Ndili ku Porto, ku Portugal, ndipo mawa ndikujambula banja lina lomwe langokwatirana kumene. Lero masana tinawoloka mtsinje wa Douro kupita ku Vila Nova de Gaia kukaona nyumba zosungiramo vinyo wa port, muja mwadzaza migolo yamatabwa. Mkati muli zii, kunja dzuwa likuswa mtengo. Nditangotuluka, zithunzi zonse zikutuluka mbuu, fokasi ikungopita uku ndi uku osagwira. Ndapukuta galasi, sizikusintha. Kamera yafa kodi?

A Phiri: Sinafe, achemwali. Kamera inazizira mkatimo, ndiye mwaitulutsira ku mpweya wotentha wodzaza chinyezi cha mtsinje ndi nyanja ya Atlantic, yomwe ili pafupi pomwepo. Yachita thukuta ngati botolo lochoka mufiriji. Lekani kupukuta, mungokanda galasi. Ithimitseni, chotsani batire ndi kadi, muisiye pamalo pouma. Lenzi musaimasule panopa, chinyezi chingalowe mpaka pa sensa, kachipangizo kamkati komwe kamagwira chithunzi.

Yamikani: Aikwirire mumpunga usiku wonse, ine foni yanga inachira choncho.

A Phiri: Ayi mphwanga, mpunga uli ndi fumbi, ndipo fumbilo likalowa mu lenzi ya zoom simulitulutsanso. Timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'bokosi la nsapato, ndiye toyenera. Chowumitsira tsitsi nachonso ayi, kutentha kumawononga guluu ndi mafuta a mkati mwa lenzi.

Mayi Nabanda: Tadala, musanapite patali, pa lenzipo pali fyuluta ya UV, kagalasi koteteza kaja komangirira kutsogolo? Ngati ilipo imasuleni, muunike ndi tochi ya foni cham'mbali. Nthawi zambiri chinyezi chimatsekeredwa pakati pa fyuluta ndi galasi lakutsogolo, ndiye munthu umapukuta kunja chonsecho madzi ali kuseri. Timadontho tikakhala mkati mwenimweni mwa lenzi, nkhani yake ndi ina: pamafunika kuumitsa modekha, chifukwa mukaitsekera m'chikwama ili yonyowa, pakapita miyezi mudzapeza mwamera tiulusi toyera tomwe timadya galasi.

Tadala: Mayi, mwalasa! Ndamasula fyuluta, kuseri kwake kuli timadontho waa. Lenzi yeniyeniyo ili mbee. Fokasi yayambanso kugwira. Koma makasitomala anga akufuna kujambulidwa pakati pa migolo yomweyo mawa, kenako pa mlatho dzuwa likamalowa. Sizichitikanso zomwezi?

Mayi Nabanda: Zichitika mukapanda kukonzeka. Gulani jumbo yazipi, ija yosungira zakudya mufiriji. Musanatuluke m'nyumba ya migolo, ikani kamera mujumbomo ndi kutseka. Thukuta lichite pa jumbo, osati pa galasi. Isiyeni momwemo mpaka kamera itasiya kuzizira mukaikhudza, theka la ola kapena kuposerapo. Nthawi imeneyo makasitomala akwere kamtunda kopita ku Jardim do Morro, mai asinthe nsapato, apake nkhope. Funsaninso eni malo ngati amalola flashi ndi tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu), ena sakondwa nazo.

Yamikani: Pa mlatho wa Dom Luís I chenjerani ndi tripod. Mlathowo ndi wachitsulo, wa 1886, ndipo pamwamba pake pamadutsa sitima za metro, anthu oyenda pansi akudutsa m'mbali momwemo. Sitima ikamabwera pansi pamanjenjemera, chithunzi cha shata yochedwa (shata ndi kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera) chimatuluka chogwedezeka. Dikirani idutse, kapena jambulani pamanja ndi shata yothamanga.

A Phiri: Ine mlathowo ndimaukonda uli m'chithunzi, osati ndili pamwamba pake. Kwerani ku Serra do Pilar, kachisi wozungulira uja ali pamwamba pa Jardim do Morro. Mukaima apo mukutenga zonse kamodzi: mlatho, nyumba zamitundumitundu za ku Ribeira, dera la m'mphepete mwa mtsinje ku Porto, ndi maboti a rabelo omwe kale ankatsitsa migolo kuchokera kuminda ya mpesa kumtunda kwa Douro. Pofika madzulo pamadzaza alendo, ndiye fikani msanga mugwire malo.

Tadala: Nanga siteshoni ya sitima ya São Bento? Mkwatibwi akufuna makoma a matailosi abuluu aja.

Mayi Nabanda: M'mamawa kwambiri, gulu lisanachuluke. Matailosi aja, ojambulidwa ndi mmisiri Jorge Colaço, amanyezimira, flashi yolunjika ikubwezerani kuwala koyera pakhoma. Gwiritsani kuwala kwa m'mawindo, kwezani ISO pang'ono kuti chithunzi chiwale.

Tadala: Ndamva. São Bento mamawa, migolo masana, Serra do Pilar madzulo. Fyuluta ikhala m'thumba mpaka ndibwerere. Ndatsika kukasaka jumbo mashopu asanatseke.